Bikoni, lizi ndi saveya: umwini wa malo umayambira pati mu Blantyre?

Mukatsegula Facebook kapena magulu a WhatsApp masiku ano simusowa wotsatsa puloti. Wina ali nayo ku Chileka, wina ku Lunzu, wina ku Mpemba kapena ku Chigumula, ndipo mawu ake amakhala amodzimodzi: malo ndi oyezedwa kale, mabikoni (zizindikiro za malire) alipo, mapepala ali bwinobwino. Koma kukhoti lalikulu ku Chichiri milandu ya malo siitha. Anthu awiri amafika aliyense atanyamula pepala la chidindo, onse akuloza puloti imodzi. Ena amamanga nyumba mpaka kufolera, kenako n'kuuzidwa kuti khonde lawo lili mumsewu.

Chisokonezo chambiri chimabwera chifukwa timaphatikiza mafunso atatu amene lamulo limawasiyanitsa. Loyamba ndi lakuti malowo ali pati ndipo akulekezera pati. Lachiwiri ndi lakuti ndi a yani. Lachitatu ndi lakuti mwini wakeyo akuloledwa kuchitapo chiyani. Saveya, katswiri woyeza malo, amayankha funso loyamba lokha. Lachiwiri limayankhidwa ndi kaundula wa malo, ndipo zikavuta ndi khoti. Lachitatu ndi la oona za mapulani a mzinda kukhonsolo. Munthu atha kukhala ndi yankho labwino pa funso limodzi koma ali pamavuto aakulu pa enawo.

Malo si amtundu umodzi

Musanafunse za bikoni, funsani kaye kuti malowo ndi amtundu wanji. M'dziko muno muli malo a boma, malo a makolo amene amayang'aniridwa motsata mwambo, ndi malo a munthu payekha kapena kampani. Malo a munthu payekhawa alinso pawiri: ena ndi a umwini wamuyaya, amene m'maofesi amati freehold, ndipo ena ndi a lizi, kutanthauza kuti mwini weniweni, kawirikawiri boma, wakubwerekani kwa zaka zowerengeka ndipo mumalipira lendi chaka ndi chaka. Mapuloti okhalapo anthu m'tauni nthawi zambiri amakhala a zaka 99, pomwe minda ya esiteti yambiri inapatsidwa zaka 21.

Kugawika kumeneku kunayambira ku Blantyre konkuno. Amishoni a Church of Scotland anafika mu 1876 n'kukhazikika m'dera la mfumu Kapeni. Patangopita zaka ziwiri kunabwera kampani ya African Lakes ya abale awiri a Moir, imene tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala. Azungu ena anatsatira, n'kumatenga malo aakulu kwa mafumu powapatsa nsalu, mikanda ndi mfuti. Dzikoli litakhala m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston anayamba kufufuza za malo amenewa, ndipo kuyambira mu 1892 ankapereka zikalata zotchedwa Certificate of Claim kwa amene iye anakhutira nawo. Zikalata zimenezi zinatenga maekala pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo ndizo gwero la malo ambiri a freehold amene alipo mpaka lero ku Blantyre, Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba.

Pali chinthu chimodzi m'zikalata zimenezo chofunika kuchiyang'anitsitsa, chifukwa chikuonetsa kulemera kwa ntchito yoyeza malo. Zambiri mwa izo zinali ndi mawu akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Mawuwo anali abwino. Koma midzi ndi mindayo sinayezedwe, sinaikidwe pamapu, ndipo mayina a eni ake sanalembedwe. Malire a esiteti ndiwo anali papepala. Patapita zaka zochepa zinali zovuta kutsimikiza kuti ndani anapezeka pamalopo ndipo ndani anabwera pambuyo, makamaka Alomwe ambiri atayamba kulowa kuchokera ku Mozambique. Mu 1903 khoti linaweruza mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa mokomera anthu amene anapezeka pamalopo, komabe thangata anapitirira, ndipo anali chimodzi mwa zifukwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Ufulu umene sunaikidwe pamapu unakhala wosavuta kuupondereza.

Titalandira ufulu wodzilamulira, lamulo la Land Act la 1965 linasunga magulu atatu aja, n'kuika malo a boma ndi a makolo m'manja mwa Pulezidenti. Nduna inali ndi mphamvu yodula malo a makolo n'kuwapereka pa lizi, ndipo umo ndi mmene maesiteti a fodya anachulukira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Mu 1996 Pulezidenti Bakili Muluzi anakhazikitsa komiti yofufuza za malo, ndondomeko yatsopano inatuluka mu 2002, koma malamulo ake anadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2016 ndipo ena anakonzedwanso mu 2022. Malamulo atsopanowa akuti malo onse ali m'manja mwa dziko, osati Pulezidenti, ndipo boma siliperekanso freehold yatsopano.

Mumzinda wa Blantyre muli eni malo akuluakulu angapo: Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda, Malawi Housing Corporation imene inakhazikitsidwa mu 1964, ndi anthu kapena makampani a freehold. Aliyense ali ndi mabuku ake. Puloti ya ku Bangwe kapena ku Zingwangwa mwina mbiri yake ili kukhonsolo, ya ku Nkolokosa ku Housing, ya ku Namiwawa ku Lands. Kufunsa ofesi yolakwika n'kuuzidwa kuti kulibe vuto sikuthandiza kanthu.

Kodi saveya amachita chiyani kwenikweni?

Ntchito yoyeza malo ili ndi nthambi zambiri. Pali oyeza misewu ndi milatho, pali ojambula mapu a mapiri ndi mitsinje, pali oyeza kuya kwa nyanja. Nthambi imene ikutikhudza pano ndi yoyeza malire a mapuloti ndi minda kuti alowe m'mabuku a boma. Mabuku ndi mapu amenewa onse pamodzi, osonyeza chigawo chilichonse cha malo ndi nambala yake, kukula kwake ndi malire ake, ndiwo akatswiri amatcha cadastre. Maiko ambiri anayamba kusunga mabuku otere pofuna msonkho. Ku France Napoleon analamula mu 1807 kuti munda uliwonse uyezedwe pa chifukwa chimenecho. Kwathu kuno anayambira poteteza maesiteti a atsamunda, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri saveya ankaoneka ngati munthu wa azungu ndi olemera.

Masiku ano ntchitoyi ikuyendetsedwa ndi lamulo la Land Survey Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa lamulo la m'zaka za m'ma 1950. Mkulu wa zonse ndi Surveyor General, amene amatsogolera nthambi ya boma yoyeza malo. Si aliyense wodziwa kugwira makina amene angayeze malire ovomerezeka. Ayenera kukhala saveya wa laisensi, kapena wa boma wogwira ntchito pansi pa Surveyor General. Maphunziro ake amaperekedwa ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic, komanso ku Mzuzu University, koma digiri payokha si laisensi. Munthu amayenera kugwira kaye ntchito pansi pa wina wodziwa, n'kuyesedwa, asanaloledwe kusainira ntchito yakeyake.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya saveya imayamba tsiku limene wafika pamalo ndi makina ake a miyendo itatu. Saveya wabwino amayambira muofesi. Amafufuza mapu akale a deralo, kuona ngati malowo kapena oyandikana nawo anayezedwapo, ndi kutenga manambala a mabikoni amene alipo kale. Akafika pamalo amayamba wafunafuna mabikoni akalewo, nthawi zina mochita kukumba ndi khasu pansi pa zinyalala kapena m'mphepete mwa mpanda, chifukwa ntchito yatsopano iyenera kulumikizana ndi yakale. Akatero ndi pamene amayeza, kuika mabikoni atsopano, kuwerengetsera, n'kutumiza zonse kwa Surveyor General. Kumeneko anthu ena amaziunika, ndipo zikavomerezedwa pamatuluka pepala lotchedwa deed plan, losonyeza maonekedwe a malowo, kutalika kwa mbali iliyonse, kukula kwake ndi nambala yake.

Apa m'pamene ambiri amapusitsidwa. Pali pepala lina longojambula mwachidule, sketch plan, limene limathandiza poyamba kufunsira lizi. Limaoneka lokongola, lili ndi mizere, manambala, nthawi zina ndi chidindo. Koma silinadutse kwa Surveyor General. Ndipo ngakhale deed plan yeniyeniyo sinena kuti malowo ndi anu. Zili ngati galimoto: nambala ya chasisi imatsimikiza kuti galimoto yake ndi iti, koma dzina la mwini lili mu bulubuku. Wakuba nayenso atha kukuwerengerani nambala ya chasisi molondola.

Bikoni, foni ndi tepi

Bikoni ya puloti ndi kanthu kakang'ono: kachitsulo kozikidwa m'simenti, kofanana ndi nthaka kapena kotumphukira pang'ono, nthawi zambiri kolembedwa nambala pamene simenti inali yaiwisi. Aliyense amene ali ndi thumba la simenti ndi chidutswa cha chitsulo atha kuumba chofanana nacho. Chimene chimaipatsa mphamvu bikoni ndi manambala ake amene ali m'mabuku a boma, osonyeza malo enieni pamene ili padziko. Ikazulidwa, saveya atha kuibwezera pamalo pake potsata manambalawo. Kuizula kapena kuisuntha mwadala ndi mlandu.

Makolo athu analinso ndi malire, ndipo ankawadziwa bwino: mzere wa nkhadze kapena khonje, mtengo wa mango, chulu, khwawa, njira ya kudambo. Mphamvu ya malire amenewa inali m'maso mwa anthu. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo mkangano ukabuka akuluakulu ankapita kukaloza. Mumzinda wa anthu oposa 800,000, monga mmene kalembera wa 2018 anapezera, mboni zotere zimasowa. Mtengo umadulidwa n'kuotchedwa makala, chulu chimaumbidwa njerwa, ndipo woyandikana naye wabwera chaka chatha kuchokera ku Ntcheu.

Lamulo limazindikira mitundu iwiri ya malire. Ena ndi ongoyerekeza, pamene mapu a m'kaundula amangosonyeza kuti malowo ali chapamenepa, ndipo mzere weniweni umadziwika ndi zimene zili pansi monga mpanda kapena ngalande. Ena ndi okhazikika, oyezedwa mosamala eni malo a mbali zonse atapatsidwa mwayi wonenapo. Oyambawo ndi otchipa komanso achangu. Achiwiriwo ndi odula, koma m'tauni, mmene mita imodzi ndi ndalama zambiri, ndi amene anthu amafuna.

Nanga foni? Madobadoba ena amayenda m'mbali mwa malo atagwira foni, n'kukutumizirani manambala kuti ndiwo malire. GPS ya foni imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu, ndipo pansi pa mitengo kapena pafupi ndi nyumba zazitali imaphonya kuposa apo. Tengani puloti ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali, imene ndi masikweyamita 450. Mzere wa m'litali ukasuntha ndi mamita atatu okha, mwataya kapena mwalanda masikweyamita 90, gawo limodzi mwa magawo asanu a puloti yonse. Makina a saveya, kaya ndi total station kapena GPS ya akatswiri yogwira ntchito ndi inzake yoima pamalo odziwika, amaphonya ndi masentimita ochepa.

Tepi nayo ili ndi msampha wake mumzinda wamapiri ngati uno. Mapu amayeza mtunda ngati kuti dziko ndi lathyathyathya. Mukakoka tepi motsata chitunda ku Chilomoni kapena m'munsi mwa phiri la Ndirande n'kupeza mamita 30, pamene malowo akwera mamita 10 kuchokera kumunsi kufika kumtunda, papepala padzalembedwa mamita 28.3. Wogula amaona ngati saveya wamubera, chikhalirecho palibe chimene chachoka.

Vuto lina ndi la akatswiri okhaokha, koma zotsatira zake zimagwera anthu wamba. Mapu akale a dziko lino anamangidwa pa maziko otchedwa Arc 1950, kuchokera ku zipilala za simenti zimene oyeza malo a nthawi ya atsamunda anamanga pamwamba pa mapiri. Zambiri mwa zipilalazi zinaphwanyidwa. GPS imagwiritsa ntchito maziko ena, WGS 84, ndipo malo amodzi omwewo amakhala ndi manambala osiyana ndi mamita mazana angapo pa maziko awiriwa. Wosadziwa kusintha manambala kuchoka kwina kupita kwina atha kuika puloti yanu pamwamba pa ya munthu wina pakompyuta, pamene pansi simunayandikane n'komwe.

Kaundula: pamene pamalembedwa dzina

M'dziko muno muli njira ziwiri zolembetsera malo, ndipo zonse zikugwira ntchito. Yakale ndi yolembetsa zikalata. Boma limasunga kope la chikalata chilichonse chogulitsirana kapena kubwereketsa malo, koma silikulonjezani kuti wogulitsayo analidi mwini wake. Loya wa wogula amayenera kutsata mndandanda wa zikalata kubwerera m'mbuyo kuti aone ngati unyolowo sunaduke penapake.

Njira yachiwiri inabwera ndi lamulo la Registered Land Act la 1967, limene linatengera kwambiri lamulo la ku Kenya la 1963. Maganizo ake anachokera kwa Robert Torrens ku South Australia mu 1858. Malo aliwonse amakhala ndi tsamba lake m'kaundula, ndipo tsambalo limanena zonse: malowo ndi ati, mwini wake ndani, ndipo pali ngongole ya kubanki kapena chiletso chanji. Zimene zalembedwa pamenepo ndizo lamulo limazitenga kuti n'zoona, pokhapokha patapezeka chinyengo kapena kulakwitsa kumene khoti lingalamule kuti kukonzedwe. Njirayi inayesedwa koyamba m'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe, kumene malo a mabanja analembetsedwa m'dongosolo lotchedwa ndunda, kenako inafalikira m'mizinda.

Chifukwa chake chinthu chotchipa koma champhamvu chimene wogula angachite ndi kupita yekha, kapena kutuma loya wake, ku ofesi ya kaundula kukapempha kuti amufufuzire za nambala ya malowo. Setifiketi imene wogulitsa wanyamula m'chikwama imanena za tsiku limene inaperekedwa. Kaundula amanena za lero. Mwina pakatipa malowo anakhala chikole kubanki, kapena m'bale wina anakaikapo chenjezo loletsa kugulitsa. Ngati ndi malo a lizi, pamafunikanso chilolezo cha mwini wamkulu asanasinthe dzina. Ngati ndi malo amasiye, wogulitsa ayenera kukhala ndi mphamvu zochokera kukhoti zoyendetsera chumacho, osati kungokhala mwana woyamba kubadwa.

Ndipo ngati puloti ikudulidwa kuchokera ku malo aakulu, pamafunika chilolezo cha oona za mapulani motsata lamulo la Physical Planning Act la 2016. Iwowa ndi amene amaona ngati pasiyidwa msewu, ngalande ndi modutsa mapaipi, komanso ngati malowo ndi oyenera kumangapo. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagumula mbali ya phiri la Soche n'kupha anthu ambiri ku Chilobwe ndi madera oyandikira, anaonetsa kuti funso lachitatu lija, la zimene mwini malo akuloledwa kuchitapo, si la mapepala chabe.

Malo a makolo m'mphepete mwa mzinda

Mapuloti ambiri amene akutsatsidwa masiku ano ali kunja kwa malire a mzinda kapena m'mphepete mwake, m'madera a mafumu monga Kapeni, Machinjiri, Somba ndi Kuntaja. Kumeneko malo ndi a makolo, ndipo kuno kummwera ambiri amatsata chikamwini: munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana aakazi, mwini mbumba akuyang'anira. Mwamuna amene akukuonetsani malowo atha kukhala mkamwini, kapena mlongo amene sanafunse azilongo ake. Kalata ya amfumu ndi umboni wofunika wosonyeza kuti kugulana kunachitika poyera, koma si chikalata cha umwini cha m'kaundula. M'kati mwa mzinda zinthu n'zosokonekera kwambiri, chifukwa lamulo la mafumu siliwapatsa mphamvu m'mizinda, chonsecho ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Manase anthu amathamangirabe kwa amfumu akafuna mboni pogulana malo.

Lamulo la Customary Land Act la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, linabweretsa njira yoti munthu, banja kapena gulu lilembetse malo awo a makolo n'kulandira setifiketi. Malo a mfumu yaikulu iliyonse amayenera kuyezedwa kaye malire ake. Pansi pa gulupu aliyense pamakhala komiti ya malo: gulupuyo ndiye wapampando, ndipo anthu amasankha mamembala ena asanu ndi mmodzi, osachepera atatu akhale amayi. Mikangano imayambira kubwalo la malo lotsogozedwa ndi mfumu yaikulu, n'kukwera kubwalo la paboma, kenako kubungwe la dziko lonse. Ntchitoyi inayesedwa koyamba m'madera ena a ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo yachitikanso ku Chikwawa mogwirizana ndi chitukuko cha ulimi wothirira m'chigwa cha Shire.

Lamuloli linautsa mtsutso. Mafumu ambiri ankati likuwalanda mphamvu zimene akhala nazo kuyambira kale, ndipo ena ankaopa kuti setifiketi ichititsa kuti osauka agulitse minda mosavuta. Olikonda ankati mayi wamasiye kapena mlimi wamng'ono amene alibe pepala ndi amene amalandidwa malo msanga. Kusintha kwa mu 2022 kunabwezeretsa malo a makolo ngati gulu loima palokha, limene malamulo a 2016 anali atalichotsa, ndipo kunakhwimitsa nkhani yogulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino.

Saveya amatumikira yani?

Funsoli likuoneka lophweka: amatumikira amene wamulipira. Koma mzere uliwonse umene saveya amajambula uli ndi mbali ziwiri, ndipo munthu wa mbali inayo sanamulipire kanthu. Ntchito yake imalowanso m'mabuku a boma, mmene mabanki, makhoti ndi masaveya ena adzaidalira zaka makumi ambiri iye atapuma kale. Loya amaimira mbali imodzi, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Saveya saloledwa kutero. Ndiye chifukwa chake lamulo linaika bungwe lopereka ndi kulanda malaisensi, ndipo akatswiriwa alinso ndi bungwe lawo la Surveyors Institute of Malawi.

Mayesero ake amabwera mwakachetechete. Mwini ntchito amaima pambali n'kunena kuti, bwana, tangokankhirani bikoniyo pang'ono kuti chitsimechi chilowe mbali yanga, aneba sabwerabwera kuno. Kapena saveya amapeza kuti mpanda wa njerwa wa amene wamulemba ntchito walowa mita imodzi ndi theka kwa mnzake. Udindo wake ndi kunena zimene wapeza ndi kuzilemba, ngakhale zikhumudwitse amene akumulipira. Koma si udindo wake kugamula kuti mpandawo ugwetsedwe. Iye ndi mboni yodziwa kuyeza, ndipo kuweruza ndi kwa khoti. Mwa maganizo anga, apa ndi pamene anthu amamuyembekezera zambiri kuposa zimene angathe: amamuitana kuti adzathetse mkangano wa pachibale, pamene chimene angapereke ndi manambala okha.

Palinso nkhani ya siginecha. Saveya wa laisensi sangafike paliponse, motero amatuma omuthandiza, ndipo zimenezo n'zololedwa malinga ngati akuyang'anira ntchitoyo n'kuisenza ikalakwika. Chosaloledwa ndi kugulitsa siginecha, kusainira ntchito ya munthu amene sakumudziwa pamalo amene sanawaonepo. Nkhani inanso yovuta ndi malipiro. Mwini malo amene alibe ndalama amatha kunena kuti, mukadula mapuloti khumi, imodzi ikhale yanu. Pamenepo woyezayo wasanduka mwini malo nawo, ndipo msewu ukachepa kapena puloti ikafinyidwira m'mphepete mwa mtsinje, iyenso apindula. Saveya wa boma amene amagwira ntchito zapadera Loweruka ali ndi funso lofanana ngati ntchitoyo idzadutsa pa desiki yake kapena ya mnzake Lolemba.

Tisaiwale mbali inayo. Masaveya a laisensi ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa ntchito, makina awo ndi odula ndipo amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndiponso mafayilo amatha kukhala nthawi yaitali akudikira kuvomerezedwa. Munthu amene wagula kapuloti ndi ndalama za geni akamva mtengo wa saveya weniweni amabwerera kwa mnyamata wa foni uja, osati chifukwa chokonda chinyengo ayi. Oyeza malo osavomerezeka amachuluka pamene njira yovomerezeka ili yodula komanso yochedwa.

Zimene sizinayankhidwe

Funso lalikulu ndi la kulondola ndi mtengo. Mu 2014 bungwe la masaveya padziko lonse la FIG pamodzi ndi World Bank analimbikitsa njira yoyeza malo mogwirizana ndi zosowa za dera, pogwiritsa ntchito zithunzi za m'mlengalenga zimene anthu a m'mudzi amalozapo malire awo. Rwanda inalembetsa zigawo za malo zoposa 10 miliyoni m'zaka zochepa mwa njira yotere. Ena akuti kwa ife palibe njira ina, chifukwa kuyeza munda uliwonse mpaka pa sentimita kungatenge mibadwo. Ena akuti malire ongoyerekeza ndi abwino kumudzi lero, koma Lunzu ndi Chileka zikusanduka tauni, ndipo mikangano imene tikuipewa panopa idzabuka mitengo ya malo ikadzakwera. Kodi mzere wosiyanitsa madera ofunika kuyeza mosamalitsa ndi ena udzadutsa pati, ndipo adzaujambula ndani?

Lina ndi la madera amene anthu anakhalamo kale popanda pulani. Anthu ochuluka a mumzinda uno amakhala m'malo otere. Kuwapatsa mapepala pamene alipo kumatanthauza kuvomereza tinjira topanikizika ndi nyumba za m'mphepete mwa Mudi ndi Nasolo. Kukonza kaye pulani kumatanthauza kugwetsa nyumba zina ndi kulipira chipepeso, monga malamulo aakulu a dziko amanenera boma likatenga katundu wa munthu. Ndalama zimenezo zichokera kuti? Nanga amene ali m'malo oopsa m'mapiri asamukira pa malo a yani?

Pa malo a makolo, setifiketi imafuna dzina. M'banja la chikamwini dzinalo likhale la mayi, la mwamuna wake, la onse awiri, kapena la mbumba yonse? Lamulo limalola njira zingapo, koma banja likatha kapena mayi akamwalira, mwambo ndi pepala zitha kuloza anthu osiyana, ndipo makhoti adzayenera kunena chimene chipambane pa mlandu uliwonse. Sizikudziwikanso bwino kuti mzinda ukamakula n'kumeza midzi, mphamvu za komiti ya malo ndi za amfumu zimathera pati ndipo za khonsolo zimayambira pati.

Unduna wa za Malo wakhala ukusamutsira mabuku ake pakompyuta, zimene zingachepetse kusowa kwa mafayilo ndi kugawa puloti imodzi kawiri. Koma kompyuta imalandira zimene yapatsidwa. Pamene mapu akale awiri akutsutsana, kapena pamene mabuku a khonsolo, a Housing ndi a Lands akunena zosiyana za malo amodzi, wina ayenera kusankha cholondola asanazilowetse. Ndipo zikadzapezeka kuti kulakwitsa kunachitika zaka 40 zapitazo ndi saveya amene anamwalira kale, ntchito yake itavomerezedwa ndi boma, pamalopo anthu awiri atamanga nyumba mosadziwa, adzalipire ndani: boma, amene anagulitsa, kapena mmodzi wa awiriwo?